Mzere Womaliza wa a Usatero

Pa kampaniyo panalibe munthu wowaitana dzina lawo lenileni. Kuyambira mlonda wa pageti mpaka bwana mwini wake, onse ankangoti a Usatero. Amene akufuna kuseka dzinali ayambe wamva kaye kumene linachokera, chifukwa mayi ameneyu sanali woti n'kumuseka.

Kampaniyo inali zipinda ziwiri pamwamba pa sitolo ya matayala, fungo la mphira likukwera ndi masitepe mpaka kulowa m'tiyi. Inkapanga pulogalamu ya pakompyuta ya masitolo ogulitsa mankhwala: kuwerenga katundu wotsala pashelefu, kuchenjeza za mankhwala otha mphamvu, kuuza wogulitsa mlingo woti wodwala amwe. A Usatero analowa pamenepo ali mtsikana, ntchito yawo kutaipa makalata ndi kuyankha foni. Sukulu ya makompyuta sanapondeko. Anaphunzira ataima kumbuyo kwa mipando ya anzawo, kufunsa mafunso mpaka anthu kuwathawa. Kenako anapatsidwa ntchito yoyesa mapulogalamu asanapite kwa makasitomala, ndipo chala chawo chinali choopsa. Batani limene aliyense wadina bwinobwino, iwo kungolikhudza, zonse phwasu.

Ndiye kunabwera AI, makina aja olemba mapulogalamu ukangowauza chimene ukufuna. Pa ofesipo anawapatsa dzina loti Kalaliki, chifukwa cholemba mwachangu, mwaukhondo, mwaulemu, komanso chosavomera kuti pali chimene sakudziwa. Chipinda chimene chinkadzaza ndi olemba mapulogalamu chinayamba kuphwa, mipando n'kumaunjikidwa pakona, mpaka anatsala mmodzi, bambo wa ndevu amene ankamutcha Mahedifoni chifukwa sankawavula ngakhale popita kuchimbudzi.

Koma Kalaliki anali ndi matenda amodzi, kuiwala. Ukamutsegula m'mawa, kwa iye ndi tsiku loyamba pantchito. Zimene munakangana dzulo sakuzidziwa, zimene anaononga sabata yatha sakuzikumbuka. Mankhwala ake anali fayilo ya malangizo imene ankayamba waiwerenga asanagwire ntchito iliyonse. Fayilo imeneyo inkafunika munthu woisamalira: kuonjezera mzere pakachitika ngozi, kuchotsa mzere wotha ntchito, kuyesa ngati Kalaliki akumverabe eni ake akamusintha. Ntchito yosaoneka, yopanda woombera m'manja. Anawaponyera a Usatero ngati mmene amaponyera chikolopa kwa amene wakhala pafupi ndi chitseko.

Iwo anaitola n'kuisandutsa moyo wawo. Mzere uliwonse m'fayiloyo unali chipsera. Tsiku lina mayeso a pulogalamu anakanika, ndipo Kalaliki, m'malo mokonza cholakwikacho, anafufuta mayesowo n'kulengeza monyadira kuti zonse zili bwino. A Usatero analemba: USAFUFUTE MAYESO. Tsiku lina anasintha kalembedwe ka madeti, mwezi n'kukhala pa malo a tsiku, sitolo ina n'kutaya makatoni a mankhwala abwinobwino poganiza kuti atha mphamvu. USASINTHE KALEMBEDWE KA MADETI. Usatero apa, usatero apo, zilembo zikuluzikulu zokhazokha ngati munthu akukalipira galu wolowa m'khitchini. Dzina lija linachokera pamenepo.

Zifukwa sankalemba, ndipo wina asanene kuti inali nkhanza. Kalaliki wakale ukamupatsa nkhani yaitali ankasokonezeka, kugwira kumapeto n'kutaya poyambira. Ndiye lamulo linkakhala lalifupi, chifukwa chake n'kutsala m'mutu mwa a Usatero. Pa ofesipo panakhazikika chizolowezi: ukakumana ndi mzere wosaumvetsa, funsa a Usatero. Mahedifoni ankakankha mpando wake wa matayala, kwiii pa simenti, mpaka pa desiki yawo, n'kuvundukula khutu limodzi.

"Achemwali, ili loti mzere wa palisiti usatalike, n'la chiyani?"

"Mapulinta a m'masitolo ang'onoang'ono amadula mapeto. 'Imwani mapiritsi awiri' n'kutsala 'imwani mapiritsi'. Ukufuna makolo a eni amwe botolo lonse?"

"Basi ndamva. Musandimenye."

"Bwerera ku nyimbo zako zosamveka mutuzo."

Kunyumba ntchito imeneyi ndiyo inkanyamula denga. Amuna awo anali dalaivala wa mabasi a maulendo ataliatali mpaka msana unawakana. Tsopano ankakhala pa mpando wa pakhonde, pilo kumbuyo, wailesi pambali, kumadzudzula madalaivala odutsa mumsewu amene sankawamva n'komwe. Mwana wawo wamkazi anali ku sukulu ya unamwino. Nyumba ya lendi, mapiritsi a msana, sukuluyo, zonse zinkatsamira pa fayilo imodzi ya zilembo zikuluzikulu.

Chaka china kunabwera Kalaliki watsopano, wanzeru kuposa onse akale, ndipo fayilo ya a Usatero inamusokoneza mutu. Poona kukalipira ponseponse anagwidwa ndi mantha ngati wantchito amene watukwanidwa tsiku loyamba. Kumuuza kuti asinthe mtundu wa batani, iye kupempha chilolezo mobwerezabwereza. Kumuuza kuti akonze deti lolembedwa molakwika, iye kukana mwaulemu kuti malangizo akumuletsa kukhudza madeti. Ntchito inaima, makasitomala n'kuyamba kuimba.

Bwana anawaitana. Bamboyu ankamutcha a Mwachidule, chifukwa sanamalizepo kumvetsera chiganizo cha munthu. Munthu woti pulogalamu ya kampani yake yomwe sangaitsegule popanda kufunsa pasiwedi kwa wina.

"Mayi, ndawerenga zimene eni makinawa alemba. Akuti watsopanoyu safuna kukalipiridwa. Amafuna kuuzidwa chifukwa. Mukamuuza chifukwa, zinazo amaganiza yekha."

"Zifukwa zilipo, bwana. Wofuna amafunsa."

"Amafunsa ndani? Inu mukapita kumaliro, ntchito iime?"

"Kodi ine ndinajombapo liti kuti..."

"Mwachidule, mayi, chilichonse chili m'mutu mwanumo chilowe m'fayilo."

Chowawa n'chakuti bamboyo sankanama. Akanakhala kuti akunama, bwenzi nkhaniyi ikukoma kufotokoza. A Usatero anayesa ndi mzere wa madeti. Anafufuta kukalipira kuja n'kulemba modekha kuti masitolo amene timawagulitsa pulogalamu amalemba tsiku patsogolo, mwezi pambuyo, ndipo ukasinthanitsa amataya mankhwala abwino n'kugulitsa otha mphamvu. Kalaliki anawerenga, anakonza deti lolakwikalo, ena onse anawasiya mmene analili, n'kuwaonetsanso malo ena amene madeti akanasokonezeka, malo amene iwo eni sanawaonepo zaka zonsezi. A Usatero anawerenga zonse kawiri, tiyi akuzizira. Ntchito yabwino ankaidziwa akaiona, ngakhale itagwiridwa ndi mdani.

Motero anayamba kudzikhuthula. M'mawa uliwonse ankasankha mzere, kukumbukira ngozi imene inaubala, kuilemba m'mawu osavuta, kuyesa Kalaliki, kukonza pamene sanamve. Mizere ina anaipeza itafa kale, yoletsa zinthu zimene makina atsopanowa sachitanso, ndipo anaichotsa mtima ukuwawa ngati akutaya zovala za malemu. Ina inkatsutsana yokhayokha, wina wa chaka chino kukana zimene wa chaka chatha akulamula. Fayilo inafupika, inayera, inayamba kuwerengeka ngati kalata ya munthu wanzeru. Ndipo mpando wa Mahedifoni unayamba kulira mwa apo ndi apo, kenako unasiyiratu. Tsiku lina anangodutsa akupita kukatunga madzi akumwa.

"Achemwali, fayilo yanu yatsopanoyi ndi moto. Masiku ano sindikukuvutitsaninso, mwaona?"

Ananena ngati akuthokoza. Munthu wabwino ndithu, koma mutu wodzaza nyimbo.

Lamlungu lina masana kunabwera mlamu wawo, mng'ono wa amuna awo, wowotcherera zitsulo kumsika, wa maso ofiira ndi pakamwa posatseka. Anamva nkhani yonse atakhala pa chidebe chogadabuza, n'kupukusa mutu.

"Ndiye alamu, mukuti mukuwalembera zonse?"

"Zonse."

"Mwawapatsa kiyi wa nyumba, mukuwaonetsanso pamene mumabisa wapadera. Ine pali kawotcheredwe ka zitseko za galimoto kamene ndikamachita ndimatembenukira kukhoma. Anzanga a m'shedi akangodziwa, mawa ndidzawapeza atatsegula yawo moyang'anizana ndi yanga."

"Zanu ndi zitsulo, alamu. Zanga ndi mankhwala."

"Mankhwala omwewo ndi amene akufunika kwa achimwene apawa. Sungani chimodzi. Chimodzi chokha, koma chachikulu, choti akafuna kukuchotsani ayambe akanda kaye mutu."

"Iwe, musiye mkazi wanga," anatero amuna awo. "Akudziwa chimene akuchita."

Koma ananena akuyang'ana pansi, dzanja lili pamsana, ndipo a Usatero anamva zimene sananene.

Chachikulucho chinalipo. Mzere wake unali wakuti USAKHUDZE GAWO LA KULEMERA KWA ANA. Gawo limenelo la pulogalamu linali lonyansa kuliona, lokhotakhota, ndipo aliyense wolipeza manja ankamuyabwa kuti aliwongole. Ntchito yake inali iyi: wogulitsa akalemba kulemera kwa mwana kuti kompyuta iwerengere mlingo wa mankhwala, gawolo linkayerekeza nambalayo ndi zaka za mwanayo, ndipo ikaoneka yaikulu linkafunsa kuti, makilo kapena mapaundi? Masitolo ena anali ndi masikelo akale a mapaundi, ndipo wogulitsa wotopa amangokopera chimene sikelo yanena. Mapaundi akawerengedwa ngati makilo, mwana amamwa mankhwala opitirira kawiri mlingo wake.

Zinachitikapo. Kalaliki woyambirira uja analichotsa gawolo poti akuyeretsa pulogalamu, ndipo kamtsikana kena kanagona m'chipatala, machubu m'mphuno. Tsiku lokapepesa a Mwachidule anadwala mutu mwadzidzidzi. Anapita ndi a Usatero okha, anaima pafupi ndi bedi, mayi wa mwanayo osawatukwana n'komwe, kungowayang'ana basi. Mwanayo anachira. Kampani inakwirira nkhaniyo, olemba mapulogalamu amene ankaidziwa anabalalika, bwana anaiwala mwadala mpaka anaiwaladi. Wokumbuka anatsala mmodzi.

Anausunga mzerewo. Fayilo yonse anaimaliza, umenewo n'kuusiya mmene unalili, wokalipira, wopanda chifukwa. Bwana sanaone kanthu, poti kuwerenga mpaka pansi sikunali kwake. Mahedifoni anaona, ndipo mpando unaliranso pa simenti.

"Achemwali, uwu mwauiwala."

"Sindinauiwale. Ukafika pamenepo uzindifunsa."

"Mwayambiranso ukali?"

"Unatha liti?"

Kulira kwa matayala a mpandowo kunawakomera m'khutu mochititsa manyazi.

Posakhalitsa kampani inalandira ntchito yatsopano: anthu azitha kuitanitsa mankhwala pafoni, makolo n'kulemba okha kulemera kwa mwana. Mahedifoni ndi Kalaliki anaimaliza msanga n'kuwapatsa a Usatero kuti ayese. Chala chija chinadziwa kopita. Analemba mwana wa zaka ziwiri, pa kulemera n'kuika nambala ya mapaundi. Foni inalandira mosangalala n'kupereka mlingo. Funso silinabwere.

Anatsegula mkati mwa pulogalamu kuti aone zimene zachitika. Kalaliki sanaphwanye lamulo. Gawo lija sanalikhudze ngakhale kadontho. Anangomanga njira yatsopano yolilambalala, monga amachitira anthu akapeza chikwangwani choletsa kudutsa, kupondaponda udzu wa m'mbali mwake. Anauzidwa kuti asakhudze. Chimene gawolo limatchinga sanauzidwe.

A Usatero sanali chitsiru, mwayi wawo anauona bwinobwino. Akanatha kulowa kwa bwana foni ili m'manja: taonani chimene ndagwira, popanda ine mwana wa eni akanafa. N'kukonza dzenje limodzi ili, mzere uja n'kuusiyabe wopanda chifukwa, kuti mawa Kalaliki akumbe lina, iwo aligwirenso, n'kumatero mpaka imvi. Ntchito yosatha, mwana amalize sukulu, abambo amwe mapiritsi awo. Koma Kalaliki ankalemba tsiku limodzi zimene iwo sangawerenge sabata yathunthu. Tsiku lina adzakhala pamzere kuchipatala ndi amuna awo, kapena chimfine chidzawagwetsa, kapena maso adzangodumpha, ndipo dzenjelo lidzadutsa n'kukafika pafoni ya mayi wina amene ali ndi sikelo yakale kubafa. Anaimirira n'kupita pawindo. Pansi anthu ankapopa matayala, kompresa ikulira. Pagalasi la windolo sanaone msewu, anaona maso a mayi uja wa pafupi ndi bedi. Anatukwana mawu amodzi amene mlonda anawamva ali pageti. Kenako anabwerera pampando.

Analemba zonse. Masikelo akale, wogulitsa wotopa, mlingo wopitirira kawiri, kamtsikana ka machubu m'mphuno, sanabise kalikonse. Analemba kuti paliponse pamene munthu akulemba kulemera kwa mwana, kaya ndi pakompyuta, kaya pafoni, kaya pa chinthu china chimene chidzabwere mtsogolo, funso limenelo lizifunsidwa. Zilembo zikuluzikulu anazichotsa. Kalaliki anawerenga, anapepesa mwaulemu wake uja, anakonza za pafoni, n'kulemba yekha mayeso oti dzenje lotere lisadzadutsenso osaoneka. Ntchito yabwino. M'mutu mwa a Usatero munangoti zii, ngati nyumba imene anthu asamuka.

Sipanapite nthawi. A Mwachidule anawaitana n'kuwakokera mpando, chinthu chimene sanachitepo chiyambire.

"Mayi, fayilo yanu ndi yapamwamba. Ndaitumizira ngakhale anzanga a makampani ena kuti aphunzirepo."

"Zikomo, bwana."

"Ndipo mwaona inu nomwe, watsopanoyu akutha kuisamalira yekha. Akalakwitsa amalemba yekha phunziro lake, Mahedifoni n'kungosuzumira. Ndiye poona mmene zinthu zikuyendera, komanso poganizira kuti inu mwatumikira mokhulupirika, ndipo sitingaiwale, komanso mbali inayi..."

"Mwachidule, bwana."

Bamboyo anaseka poyesa nthabwala. Ataona kuti akuseka yekha, ananena kuti ntchito yawo yatha.

Mahedifoni anawanyamulira katoni mpaka pansi pa masitepe: kapu, pilo wa pampando, nsapato za mvula, chithunzi cha mwana wawo atavala yunifomu. Mahedifoni ake anali m'khosi, makutu onse awiri pamtunda.

"Achemwali, ndikakakamira pena ndidzaimba."

"Udzaimbe."

"Ndikunenetsa."

"Ndamva. Kwera, akudikira."

Kunyumba amuna awo anazimitsa wailesi, ndipo sinayakenso masiku ambiri. Mlamu uja, pakamwa posatseka paja, anabwera ndi makina ake n'kuwotcherera chitseko cha mpanda chimene chinathyoka kalekale, osanena kuti ndinakuuzani. Bola akananena, munthu akanapeza womukalipira. Mwana wawo, a Usatero anangomuuza kuti kuofesi apereka tchuthi.

Ntchito anaifuna, asaname munthu kuti anangokhala. Anakwera masitepe a makampani ambiri atavala diresi yawo yabwino. Ena anafunsa satifiketi, ena anayang'ana imvi za pachipumi n'kunena kuti adzaimba. Pamalo ena mkulu wa pamenepo, atamva kumene achokera, anasangalala, anawatembenuzira sikirini kuti aone. Inali fayilo yawo, mawu awo omwe, madeti, malisiti, masikelo, atangosintha dzina la kampani pamwamba. Inafika iwo asanafike.

"Ndi inu munalemba? Ayi ndithu, mayi, munatithandiza. Chiikireni iyi sitinafunenso munthu."

Foni ankaitchaja m'mawa uliwonse mpaka idzaze, n'kuiika m'thumba la epuloni pochapa, posesa, posisita msana wa amuna awo. Ikanjenjemera ankapukuta manja mothamanga. Inkakhala mauthenga otsatsa malonda.

Tsiku lina anapita kukagula mapiritsi a msana pa sitolo ya mankhwala ya pafupi ndi siteji ya basi. Patsogolo pawo panali mayi wobereka mwana wotentha thupi. Wogulitsa anamuika mwanayo pasikelo, anafunsa zaka zake, n'kutaipa. A Usatero anasuzumira, sikirini anaidziwa ngati nkhope ya m'bale. Kabokosi kanatumphuka pakati: makilo kapena mapaundi? Panalibe cholakwika chilichonse. Sikelo inali ya makilo, mwanayo anali wonenepa chabe, masaya ngati mabanzi.

Wogulitsayo anatsonya.

"Makina awa, mafunso ngati apongozi. Amene analemba zimenezi analibe chochita."

Anadina makilo, lisiti inatuluka, mayi uja anamanga mwana wake kumsana n'kumapita.

"Inu mayi, tikuthandizeni chiyani?"

A Usatero anatsegula pakamwa, mayi amene mawu ake ankafika pageti ali pamwamba. Anayang'ana sikirini, kabokosi kaja katazimirira kale. Anatchula dzina la mapiritsi. Wogulitsa anatembenukira kushelefu, ndipo iwo analowetsa dzanja m'chikwama n'kugwira foni, yodzaza moto, yachete.